Kodi makina okha angalemeretse dziko?

Wowerenga wina, yemwe akuphunzira za chuma, wandilembera kufunsa chifukwa chimene aphunzitsi ake amalimbikira nkhani yakuti makina angalowe m'malo mwa anthu kufika pati, pamene iye akuona kuti dziko likangogula makina ambiri liyenera kulemera basi. Funsoli landikhudza chifukwa nane linandisowetsa mtendere ndili pasukulu. Mphunzitsi amene ndinamufunsa anangodzaza bolodi ndi masamu n'kutuluka, ndipo ndinatsala ndi zilembo zopanda tanthauzo kufikira pamene ndinayamba kufufuza ndekha za anthu amene analemba masamuwo ndi vuto limene ankalimbana nalo.

Chimene akatswiri amachitcha production function ndi kalembedwe kosonyeza kuchuluka kwa katundu amene angapangidwe ndi antchito pamodzi ndi mpamba, ndiye kuti makina, nyumba ndi zipangizo. Mu 1928 Charles Cobb ndi Paul Douglas anakayesa pa mafakitale a ku America a zaka za 1899 mpaka 1922, ndipo anapeza kuti gawo la antchito pa zokolola linali pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Koma kalembedwe kawoko kamangotenga ngati chodziwikiratu kuti makina ndi anthu amasinthana pa mlingo umodzi wosasintha, ndipo ine ndimaona kuti kukaphunzitsa ngati lamulo la chilengedwe ndi kulakwira ophunzira. Dalaivala mmodzi mukamupatsa lole yachiwiri sanyamula katundu wowirikiza, chifukwa sangayendetse ziwiri nthawi imodzi. Komabe pali ntchito zina zimene makina amodzi amagwira m'malo mwa anthu ambiri. N'chifukwa chake mu 1961 akatswiri a zachuma Arrow, Chenery, Minhas ndi Solow anabweretsa kalembedwe kolola kuti mlingowo uyezedwe, osangouganizira.

Arrow ndi anzakewo asanabwere, akatswiri ena awiri, Roy Harrod ndi Evsey Domar, ankawerengera ngati mpamba ndi zokolola zimayendera limodzi mosasintha. Robert Solow mu 1956 anasonyeza kuti mpamba ukamachuluka kuposa antchito, makina alionse owonjezera amapindulitsa mocheperapo kusiyana ndi oyamba, mpaka ndalama zosungidwa zimangothera kukonza ndi kubwezeretsa zimene zatha. Chaka chotsatira anawerengera kuti pa kukwera kwa zokolola za wantchito ku America pakati pa 1909 ndi 1949, mpamba unathandiza gawo limodzi lokha mwa asanu ndi atatu, ndipo zotsalazo zinachokera ku luso latsopano. Soviet Union inaunjika mafakitale kwa zaka zambiri, koma pofika m'ma 1970 chuma chake chinali chikukwawa, ndipo zimandiwawa kuti atsogoleri ambiri amalankhulabe ngati phunziro limeneli kulibe.

Yankho lanu

Makina amatukula dziko, makamaka pamene ali ochepa, koma phindu lake limafota msanga ngati salowa mosavuta m'malo mwa anthu. Mukakumana ndi masamu alionse a mtunduwu, yambani mwafunsa kuti wolembayo waganiza zotani pa kusinthanaku, kenaka muwerenge pepala la Solow la 1956 musanapite kwa Paul Romer, katswiri amene analemba za kumene luso latsopano limachokera.