Masiku 70 adakwana kalekale, bwanji mlandu sukuyamba?

Mayi ena andilembera pa imelo. Achimwene awo ali m'ndende ku America pa mlandu wopangana ndi anzawo kugulitsa mankhwala ozunguza bongo. Adamva kuti lamulo limati mlandu uyambe kuzengedwa pasanathe masiku 70, koma patha miyezi 8 ndipo woweruza wauyimitsanso. Akufunsa: kodi uku sikuphwanya lamulo?

Mayi, zomwe mudamvazo n'zoona. Lamulo la Speedy Trial Act la 1974, la makhoti a federal (makhoti a boma lalikulu la America), limapereka masiku 70 kuchokera pomwe indictment (chikalata choimba munthu mlandu) yatuluka kapena pomwe munthu waonekera koyamba kukhoti, kutengera chomwe chachitika pambuyo. Kungoti masikuwo sawerengedwa ngati a pa kalendala. Loya akakapempha khoti kanthu, tinene kuti litaye umboni womwe apolisi adapeza m'galimoto, kuwerenga kumayamba kwaima.

Pa mlandu wopangana ndi pomwe pavuta. Oimbidwa mlandu limodzi amawerengeredwa masiku pamodzi. Loya wa mnzawo akapempha nthawi, kapena wina akagwidwa mochedwa n'kuwonjezeredwa pa mlanduwo, achimwene anu nawonso amadikira, ngakhale iwo sadapemphe chilichonse. Woweruza angathenso kunena kuti mlanduwo ndi waukulu, ukufunika nthawi kuti chilungamo chioneke. Milandu ya mankhwala imakhala ndi mulu wa umboni: mafoni otcheredwa khutu kwa miyezi, mameseji, zotsatira za ku labotale.

Koma woweruza sangangouyimitsa mwachisawawa. Pa mlandu wa Zedner mu 2006, khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kuti zifukwa zake zilembedwe m'kaundula wa khoti, ndipo woimbidwa mlandu sangasainiretu kuti wausiya ufuluwu. Kuchuluka kwa milandu kukhoti si chifukwa chololedwa. Ndiye funsani loya kuti masiku owerengedwa afika angati, komanso ngati n'kotheka kupempha kuti achimwene anu azengedwe paokha. Masiku akapyoladi mlandu umathetsedwa, koma loya ayenera kupempha kuzenga kusanayambe kapena munthu asanavomere mlandu. Ndipo nthawi zambiri boma limaloledwa kuutsegulanso.

Ine kuona kwanga, musamukakamize loya kuthamanga. Makilogalamu 5 a cocaine pa mlandu wotere ndi zaka zosachepera 10 m'ndende, ndipo munthu angamuwerengere ndi katundu yemwe anzake adagulitsa, ngati khoti laona kuti amayenera kudziwa. Loya wosamaliza kumvetsera mafoni aja akateteza ndi chiyani? Kudikira m'ndende n'kowawa, belo pa milandu iyi ndi yovuta, komabe masiku omwe akhalamo amachotseredwa pa chilango akapezeka olakwa.

Chinanso: akakuimbirani kuchokera kundende, kambani za ana ndi za kumudzi. Mafoni akumeneko amajambulidwa, ndipo oimira boma pa milandu amawamvetsera.