Musanadule mwendo wa chipu pa CB yanuyo

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwapeza wailesi yakale ya CB (Citizens Band, yolankhulirana anthu wamba) ya matchanelo 40, ndipo mwamva kuti ena amadula kamwendo kamodzi ka chipu n'kulumikizapo swichi kuti matchanelo achuluke. Ndiye mukufuna kudziwa chimene chimachitika m'katimo, komanso ngati nanunso mungatero. Ine ndikuti phunzirani mmene zimayendera, chifukwa pa za mawailesi phunziro lokoma ngati limeneli ndi losowa, koma wailesiyo musaidule.

Tchanelo ndi dzina chabe la frikwensi. Pa dongosolo la ku America, limene mayiko ambiri anatengera, tchanelo 1 ndi 26.965 MHz, tchanelo 40 ndi 27.405 MHz, ndipo pakati pake mumayenda masitepe a 10 kHz. Kuyambira mu 1958 matchanelo analipo 23 okha, mpaka bungwe la FCC, loyang'anira mafunde a wailesi ku America, linawafikitsa pa 40 mu Januwale 1977. Mawailesi ambiri a matchanelo 23 ankadalira ma crystal (timiyala topanga frikwensi yokhazikika) angapo osakanizidwa, choncho wofuna frikwensi ina ankagula crystal ina. A matchanelo 40 anabwera ndi PLL, dongosolo lopanga mafrikwensi a matchanelo onse mothandizidwa ndi chipu, ndipo nkhani yanu yonse yagona pamenepo.

Mu wailesi yotere muli crystal ya muyezo, kawirikawiri ya 10.240 MHz. Chipu chimaigawa ndi 1024 n'kupeza 10 kHz ndendende, ndipo umenewu ndiye muyezo. Pambali pake pali VCO, kagawo kopanga mafunde, kamene kamathamanga kapena kuchedwa malinga ndi magetsi amene kakulandira. Mafunde a VCO amayamba atsitsidwa powasakaniza ndi a crystal ina, kenako chipu chimawagawa ndi nambala imene amisiri amaitcha N, n'kuyerekeza zotulukazo ndi 10 kHz uja. Zikapitirira chimaibweza VCO, zikaperewera chimaikankha, mpaka ziwirizi zilingane. Zikalingana timati wailesi yaloka. Mukamatembenuza chosankhira matchanelo chija n'kumamva kuti tha, tha, tha, chimene chikusintha ndi N basi. N akasuntha ndi 1, frikwensi imasuntha ndi 10 kHz.

Nambalayo imalowa m'chipu kudzera m'miyendo yake. Mwendo uliwonse umakhala ndi magetsi kapena ulibe, ndipo uli ndi kulemera kwakekwake: woyamba 1, wachiwiri 2, kenako 4, 8, 16, 32, 64. Pa wailesi zimenezi ndi 10 kHz, 20, 40, mpaka 320 ndi 640 kHz. Opanga sankafuna manambala onse, ndiye miyendo ina anangoimangirira ku magetsi kapena ku graundi kuti isasinthenso. Zimene mwamvazo ndi kumasula mwendo wotero n'kuupatsa swichi, kuti mukaidina matchanelo onse 40 asamukire limodzi kumtunda kapena kumunsi. Ena sakhudza chipu, amasintha crystal yosakanizira ija. N'chifukwa chake mawailesi otchedwa export amakhala ndi magulu a matchanelo otalikirana ndi 450 kHz: kuchokera pa 26.965 kufika pa 27.405 ndi 440 kHz, muwonjezepo sitepe imodzi.

Apa pali kanthu kamene kanandisangalatsa tsiku limene ndinakatulukira. Mukawerenga masitepe a 10 kHz m'malo amenewa mupeza malo 45, pamene matchanelo alipo 40. Asanu otsalawo, 26.995, 27.045, 27.095, 27.145 ndi 27.195, anawasiyira zinthu zoyendetsedwa ndi rimoti, monga tigalimoto ndi tindege toseweretsa. Swichi ya "+10" imene mumaiona pa mawailesi ena imakugwetserani pamenepo. Komanso tchanelo 23 ili pa 27.255, pamwamba pa 24 ndi 25, chifukwa awiriwa anachita kulowetsedwa pampata umene unalipo kale pansi pake.

Tsegulani chivundikiro muwerenge nambala ya chipu. Machipu ngati PLL02A, MB8719 ndi MC145106 amalandira nambala mwachindunji, ndipo nkhani zodula miyendozi zinatchukira pa iwowa. Pambuyo pake kunabwera ena ngati TC9106 ndi LC7131, amene manambala a matchanelo 40 analembedwa m'kati mwawo momwe. Miyendo yawo imangonena kuti tchanelo chakuti, ndipo mungadule mwendo uliwonse, nambala yatsopano siituluka. Mawailesi a masiku ano ndiye ambiri amayendetsedwa ndi kakompyuta kakang'ono. Mwina yanuyo ilibe n'komwe mwendo woti mudule.

Tinene kuti chipu chanu ndi chakale chija. Chovuta n'chakuti mukasintha N mwasintha nambala yokha, wailesi yonse yatsala pomwe inali. VCO inachunidwa kuti iziyenda m'kampata ka 440 kHz. Mukaikokera kutali imafika pomwe magetsi oiwongolera amathera, n'kumasuka. Wailesi yabwino ikamasuka imangokana kutumiza, koma ina imayendayenda pa mafrikwensi osadziwika mwini wake akulankhulabe. Makoilo a mbali yolandirira ndi yotumizira anachunidwa pakati pa bandi, ndiye mukapita kutali makutu a wailesi amagontha, mphamvu n'kutsika. Eriyo nayo inadulidwa pa utali wa 27 MHz, pafupifupi mamita 2.7 ikakhala ya kota ya utali wa funde, ndipo zifupizifupi za pagalimoto zija ndiye sizilola n'komwe kusuntha. SWR, muyezo wa kusagwirizana kwa eriyo ndi wailesi, ikakwera mphamvu imabwerera m'wailesi, thiransisita yomaliza n'kutentha. Nthawi yonseyi kagalasi kakutsogolo kakungoonetsabe 19, pamene inu simuli pa 27.185.

Wailesi ina yodulidwa chonchi inandifikapo m'manja, mnzanga ataigula kwa munthu. Kumbuyo kwake anaboola n'kuikapo kaswichi kofiira, mawaya atatu opyapyala atayenda pamwamba pa bolodi, atamatidwa ndi guluu. Njira ziwiri za kopa zinali zodulidwa ndi lezala, ndipo ina yoyandikana nazo inali itakalika mpaka kutsala ngati tsitsi. Pofuna kuti VCO ilokebe kumtunda, munthuyo anapotokola kamtima ka koilo ndi sikuludilaiva yachitsulo, kamtimako n'kung'aluka, n'kukakamira m'katimo pamodzi ndi phula. Wailesi inkagwira kuyambira tchanelo 12 kupita m'mwamba, kumunsi kuli zii. Zinanditengera madzulo atatu kuibwezera mwakale, ndipo koiloyo ndinachita kuchotsa pa wailesi ina yakufa. Inali wailesi yabwino, ndipo zinandiwawa kuiona choncho.

Chachikulu kwa ine ndi chakuti malo amene mukusamukirako ali ndi eni ake. Tiyeseze mwendo wa 640 kHz utakukwezani. Tchanelo 1 isanduka 27.605, tchanelo 36 isanduka 28.005, tchanelo 40 isanduka 28.045. Pa 28.000 m'pamene pamayambira bandi ya mamita 10 ya anthu a laisensi ya amateur (ochita za mawailesi mongozikonda, osati pa malonda), ndipo kumunsi kwakeko n'kumene amatumizirana mauthenga a Morse ndi timawu tochepa mphamvu tochokera kutsidya kwa nyanja. Mawu anu a AM angawakwirire inu osawamva n'komwe. Pakati pa 27.405 ndi 28.000 napo mayiko anagawa mosiyanasiyana. Ku Britain, kuyambira mu 1981, CB yawo ya FM ili pa 27.60125 mpaka 27.99125, pamene ku America malo omwewo ndi oletsedwa kwa a CB. Kumeneko lamulo limalola mawati 4 pa AM ndi 12 pa SSB (ziwirizi ndi njira zosiyana zotumizira mawu pa mafunde), pa wailesi yovomerezeka, ndipo mukaisintha m'kati chivomerezocho chatha. Musanadine maiki pa frikwensi iliyonse yachilendo, fufuzani kaye zimene bungwe loyang'anira mafunde a wailesi m'dziko lanu limalola.

Ndikanakhala inu ndikanayamba n'kupeza chojambula cha mawaya a wailesiyo, n'kuwerenganso pepala lofotokoza za chipu chake. Kenako tengani mita yoyezera magetsi, muyatse wailesi ili pongolandira, muyeze mwendo uliwonse wa chipu pa tchanelo 1, pa 2, pa 3, mukulemba 1 pamene pali magetsi ndi 0 pamene palibe. Gwiritsani nsonga yopyapyala, dzanja likhazikike, musagunditse miyendo iwiri. Ngati chipu chanu ndi chakale chija, mukafika pa tchanelo 4 muona nambala italumpha kawiri, ndipo mpata wa 26.995 uja muuona ndi maso anu. Mukatsiriza matchanelo 40 onse PLL mwaimvetsa kuposa amene anangodula potsatira chithunzi, wailesi yanu ili yamphumphu. Mukafuna kuyesa kutumiza, chotsani eriyo muikepo dummy load ya ma ohm 50, kachida komwa mphamvu ya wailesi m'malo moiulutsa. Mutha kupanga nokha: marezisita 20 a ma ohm 1,000, a mawati 2, osakhala okulunga waya, muwalumikize miyendo ya mbali imodzi pamodzi, ya mbali inayo pamodzinso, mawaya akhale afupi.

Ngati chakutopetsani ndi phokoso pa matchanelo, ndalama yanu ipite ku eriyo yabwino yokwezedwa pamwamba, kapena ku wailesi ya SSB, imene imafika kutali pa matchanelo omwewo. Ngati mukungofuna kumva zimene zili kunja kwa 40, ka SDR, kawailesi kongolandira kolumikiza ku kompyuta, kamene kamafika pa 27 MHz kakuonetsani bandi yonse pa sikirini popanda kutumiza kanthu.

Koma mmene mwafunsiramu ndikuona kuti chimene chikukukokani ndi kutsegula wailesi n'kuisintha ndi manja anu. Zikatero lembani mayeso a laisensi ya amateur. Bandi ya mamita 10 imachokera pa 28.000 kufika pa 29.700 MHz, malo a 1,700 kHz, pafupifupi kanayi kuposa CB yonse, ndipo m'mayiko ambiri mwini laisensi amaloledwa kupanga kapena kusintha zida zake. Kusamutsira CB yakale ku mamita 10 ndi ntchito imene a amateur akhala akuichita kwa zaka zambiri: crystal ina, kuchuna VCO ndi makoilo onse ndi kachida kapulasitiki, n'kuyeza ndi kauntala, chida chowerengera frikwensi, kuti mukudziwadi pamene muli.

Pakadali pano tiuzeni nambala ya chipu ndi ya bolodi, ndiponso ngati pansi pake pakuoneka mtovu watsopano kapena njira yodulidwa. Ngati wina anayamba kale kuigwiragwira, tiyambira pobwezeretsa zimenezo.