Mwana wanga akufuna kubira pansi pa nyanja, ndimulole?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Mwana wawo wamkazi wa zaka 14 anaona pa YouTube atsikana a ku America atabereka mabotolo a mpweya akuwerenga nsomba pansi pa nyanja ya mchere, ndipo kuyambira tsiku limenelo pakhomo palibenso nkhani ina. Mayiwo akufunsa ngati maphunziro otere ndi enieni, ngati si oopsa, komanso komwe mtsikana wa kuno angayambire.

Mayi, ndi enieni ndithu. Ku America kuli bungwe la Black Girls Dive Foundation lomwe limaphunzitsa atsikana kubira pamodzi ndi sayansi ya zam'madzi. Ku Cape Town, Zandile Ndhlovu, yemwe anakulira ku Soweto kutali ndi nyanja, anayambitsa Black Mermaid Foundation ndipo amatenga ana a ku Langa, dera la mumzindawo, kukawalowetsa m'madzi koyamba. Ngakhale kale, mu 1970, Sylvia Earle anatsogolera gulu la akazi okhaokha lomwe linakhala masabata awiri m'kanyumba ka pansi pa nyanja ku Virgin Islands.

Koma m'kalata yanu simunanene chinthu chomwe ndimafunitsitsa kumva: kodi mwanayu amatha kusambira? Ambiri aife tinakula tikuuzidwa kuti madzi alibe nthambi, ndipo kunyanja komwe anyamata amasambira mpaka kutali pomwe atsikana amathera m'mphepete ndi mbale zotsuka. Bungwe lophunzitsa kubira la PADI, lomwe setifiketi yake imadziwika padziko lonse, limafuna kuti wophunzira asambire mamita 200 osapumira, ndiponso ayandame mphindi 10. Ngati sangathe, ndalama yanu yoyamba ipite kumeneko. Za msinkhu musade nkhawa: amalandira ana kuyambira zaka 10, ndipo wa zaka 14 amaloledwa kufika mamita 18 ali ndi munthu wamkulu wa setifiketi.

Kuopsa kulipo, sindikubisirani. Munthu akamatsika, madzi amamupanikiza, ndipo pa mamita 10 kupanikizako kumakhala kawiri kuyerekeza ndi kumtunda. Makutu amapweteka ngati sakudziwa kuwatsegula. Choopsa kwambiri ndi kugwira mpweya pokwera, chifukwa mpweya wa m'mapapo umafufuma ndipo ungawang'ambe. N'chifukwa chake aphunzitsi amabwereza mpaka kutopetsa kuti osagwira mpweya, osakwera mothamanga, osabira wekha. Ngati mwana ali ndi mphumu, khunyu kapena vuto la mtima, dokotala ayambe wamuona, ndipo pafomu ya zaumoyo musabise kanthu pofuna kuti amulandire.

Tsono za koyambira. Ife nyanja ya mchere tilibe, koma asayansi amachoka ku Ulaya ndi ku America kudzaona zomwe zili m'nyanja yathu. Paki ya Lake Malawi National Park ku Cape Maclear inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko, makamaka chifukwa cha nsomba. M'nyanjayi muli mitundu mazanamazana ya banja la chambo yomwe sipezeka kwina kulikonse. Mbuna, nsomba zing'onozing'ono za m'banjali, zimakhala m'miyala, m'madzi osaya, moti ku Otter Point kapena pachilumba cha Thumbi mwana atavala galasi la kumaso ndi kapaipi kopumira amaziona bwinobwino popanda botolo. Amaona yaimuna ikuthamangitsa zinzake pamwala wake, yaikazi itatupa masaya chifukwa yasunga mazira m'kamwa, ndipo imakhala choncho pafupifupi masabata atatu osadya. Sayansi imayamba pomwe akubwerera pamwala womwewo mawa lake n'kulemba zomwe wapeza: zingati, zamtundu wanji, nthawi yanji. Ine ndikanakhala inu ndikanamugulira kope lisanafike botolo. Pulogalamu yongojambulitsa atsikana atavala zida, osawapatsa chowerenga kapena choyeza, ndi ulendo wokasangalala basi.

Masukulu obira alipo ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, kosi yake imatenga masiku anayi kapena kuposerapo, ndipo mtengo wake si wamasewera. Musanalipire, pemphani kuona setifiketi ya mphunzitsi, funsani kuti amatenga ana angati nthawi imodzi, ndani amakhala nawo posintha zovala ndi usiku, ndipo ngati n'kotheka pitani naye nokha. Pewani masiku a mwera wamphamvu. Musaiwalenso likodzo: pakapita miyezi iwiri kapena itatu chibwerereni kunyanja, mupite naye kuchipatala akamuyeze.

Ngati mtima wake ukhalabe pomwepo, alimbikire Biology ndi masamu, chifukwa ku Bunda ndi ku Mzuni kuli madigiri a za nsomba, ndipo ku Mpwepwe ku Mangochi kuli koleji ya za usodzi. Mundilemberenso akadzakwanitsa mamita 200 aja.