N'chifukwa chiyani za Ayuda zimadziwika, koma za Aherero ayi?

Owerenga athu ena atilembera pa imelo kuti: "Aliyense amadziwa kuti boma la Hitler linapha Ayuda 6 miliyoni. Nanga za ku Namibia, pafupi pompano, bwanji sitizimva?"

Mwafunsa bwino. Kuchuluka kwa ophedwa pakokha sikusunga nkhani. Pamafunika umboni wolembedwa, khoti lozenga mlandu, ndi boma loima ndi opulumuka.

Germany itagonja mu 1945, mafayilo a chipani cha Nazi anagwa m'manja mwa adani ake ndipo milandu inazengedwa ku Nuremberg. Dziko la Israel linakhazikitsa malo achikumbutso a Yad Vashem mu 1953. Pa mlandu wa Adolf Eichmann, mmodzi mwa akuluakulu a Nazi, mu 1961, opulumuka anapereka umboni wawo makamera akujambula.

Ku Namibia, kwawo kwa Aherero, komwe panthawiyo kunkalamulidwa ndi Germany, zinayenda mwina. Mu Okutobala 1904, mkulu wa asilikali a Germany, Lothar von Trotha, analamula kuti Mherero aliyense wopezeka m'dera lolamulidwa ndi Germany awomberedwe. Anthu anawapirikitsira m'chipululu cha Omaheke, asilikali atatchinga zitsime. Otsala anawatsekera m'misasa monga ya Shark Island ku Lüderitz, komwe ankafa ndi njala, chisanu ndi ntchito yakalavulagaga. Pofika 1908, Aherero pafupifupi 65,000 mwa 80,000 anali atapululuka, pamodzi ndi anthu a mtundu wa Nama pafupifupi 10,000.

Chopweteka n'chakuti umboni unalipo. Mu 1918 boma la Britain linasindikiza lipoti lotchedwa Blue Book, momwe opulumuka anafotokoza atalumbira zomwe anaona ndi maso. Cholinga chake chinali chakuti Germany isabwezeredwe dzikolo, lomwe inalandidwa pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Izi zitatheka, lipotilo linasanduka chopinga kwa azungu ofuna kugwirizana, ndipo mu 1926 analamula kuti lichotsedwe m'malaibulale n'kuwonongedwa. Palibe amene anazengedwa mlandu wa kupulula mtundu. Opulumuka, atalandidwa malo ndi ng'ombe, anakhala pansi pa South Africa mpaka 1990. Akanadandaula kwa yani?

Rwanda, ngakhale ndi ku Africa komwe kuno, imakumbukiridwa chifukwa khoti la United Nations linakhazikitsidwa mu 1994, chaka chomwecho chimene Atutsi anapululidwa, n'kukazengera milandu ku Arusha, ndipo boma la ku Kigali limachititsa mwambo wa Kwibuka pa 7 Epulo chaka chilichonse.

Germany inavomera mlandu wa ku Namibia mu 2021, n'kulonjeza mayuro 1.1 biliyoni pa zaka 30, koma inakana kuwatcha chipukuta misozi. Atsogoleri ambiri a mitundu iwiriyi anakana mgwirizanowo poti sanakhale nawo pa zokambirana, ndipo ife tikuona kuti kudandaula kwawo n'komveka. Namibia inachita koyamba mwambo wa dziko lonse wokumbukira ophedwawo pa 28 Meyi 2025.