Kuno ndi vela, kwanu ndi pulagi

Achimwene, mwafunsa kuti geni ya masipeyala a njinga zamoto pakati pa Angónia, kuno ku Mozambique, ndi Dedza imayenda bwanji, komanso chimene chinachititsa kuti mubwereko chimanjamanja ku Vila Ulongwe pomwe ndalama zinali m'thumba. Katundu munkafunayo analipo pashelefu pomwepo. Chinakugwetsani ndi dzina.

Za kayendedwe n'zachidule. Katundu wambiri ndi wa ku China ndi ku India. Wanga amatsikira padoko la Beira, n'kubwera mumzinda wa Tete, ndipo ndimakamupikula komweko n'kukwera naye kudzera ku Moatize mpaka kuno. Kwanu ndimalowera pachipata cha malire cha Calomue, nthawi zina pa Biriwiri ndikafuna msika wa Lizulu. Lisiti musamataye, msonkho muzilipira pageti, ndipo mtengo musatchule musanafunse kuti metikali ikusinthidwa bwanji ndi kwacha m'mawa umenewo. Phindu lathu ndi lochepa, limatha kuthera m'manja mwa osintha ndalama.

Koma nkhani yeniyeni ndi mayinawa. Malire amene Angelezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula anthu a chilankhulo chimodzi, ndiye njinga itabwera, aliyense anatola mawu kusukulu ndi kugalaja ya mbali yake. Inu mumati mthuthuthu, kutsanzira kulira kwa injini. Ife timangoti mota. Tcheni chanu kuno ndi corrente, tayala ndi pneu, mabuleki ndi travão, limu ndi jante.

Ena mwa mayinawa amaseketsa mukawamasulira. Pulagi timati vela, ndipo vela m'Chipwitikizi ndi kandulo, poti nayo ntchito yake ndi kuyatsa moto. Nati ndi porca, kutanthauza nkhumba yaikazi. Jeke ndi macaco, ndiye kuti nyani. Sipanala ndi chave, mawu omwewo a kiyi wa pakhomo. Kanyali kokhotera kaja ndi pisca, kuchokera ku mawu otanthauza kuphethira, ndipo ine ndimati dzina limeneli linakhoza kuposa lanu lija, chifukwa kanyaliko kamaphethiradi.

Tsiku lina ku Lizulu mnyamata wanga anakuwa kuti câmara zatsika mtengo. Bambo wina wachipewa anaima, n'kufunsa ngati zimajambulanso usiku. Mnyamatayo anamutulutsira chubu cha tayala lakumbuyo, chopindapinda, chili mbuu ndi ufa uja amathiramo. Anatiyang'ana ngati tamutukwana, n'kumapita.

Mayina a kwanuko si onse ochokera ku Chingelezi. Bawuti ndi mawu a Chibunu, anabwera ndi agogo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela. Chishalo chinali cha pamsana pa hatchi chisanafike pa njinga. Ndipo Chipwitikizi munachimeza kalekale osadziwa: nsapato, kalata, mbatata, kapitawo. Ife amene tinakulira m'misasa ya othawa nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu, n'kubwerera kwathu nkhondo itatha mu 1992, tinabwera ndi zilankhulo zonse ziwiri pakamwa. Mpamba wanga woyamba unali umenewo, ndalama zinabwera pambuyo.

Pali mayina ena amene amawoloka malire osasintha, ndipo amenewa ndi amene muyenera kuwaloweza. Makaniko akati injini ya CG, dzinalo linachokera ku Honda CG125, njinga imene inatuluka mu 1975, chaka chomwe ife tinalandira ufulu. Mafakitale a ku China anakopera injini imeneyo, n'chifukwa chake zipangizo zambiri zimalowana ngakhale pathanki palembedwe Lifo kapena dzina lina. Koma musapusitsike nazo, Boxer ndi ya Bajaj ya ku India, zake ndi zake. Kabokosi kakuda ka moto ndi CDI kulikonse, kungoti katchulidwe kamasiyana. Nambala nazonso sizimasulidwa: tayala la 3.00-18 ndi lomwelo ku Tete, ku Dedza, ngakhale ku Katete.

Nambalazi ndinaziphunzira ndi misozi. Ndikungoyamba kumene, ndinalowa m'sitolo ina ku Tete n'kunena monyadira kuti ndikufuna corrente makumi awiri. Anandilongedzera bwinobwino m'katoni. Nditafika ku Dedza, wakabaza woyamba anayesa pa sipuloketi yake, tcheni osakhala. Anandipatsa cha 420 pomwe anyamata anga amayendera 428. Katoni imeneyo inagona pansi pa bedi dzinja lonse, mayi a kunyumba akuikankha ndi tsache m'mawa uliwonse osalankhula kanthu.

Ndiye ulendo wamawa tengani chipangizo chakutha chija m'jumbo, chamafuta chomwecho, mukachiike pakauntala. Mukafika pa Calomue mundiimbire, ndikutumizirani mnyamata wanga akuperekezeni.