Chojambula munagula, koma chilolezo chochiika pachikuto simunagule

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo. Ndakatulo zake zakwana buku, ndipo akufuna kuika pachikuto chojambula cha penti chimene anagula kwa ogulitsa ziboliboli m'tauni muno. Anachitola ndi foni n'kutumiza kwa osindikiza pa WhatsApp, koma pepala loyesera labwera lakuda, nkhope zili mbuu. Akufunsa kuti chalakwika n'chiyani, komanso ngati pali chifukwa chouzira amene anajambulayo, poti ndalama analipira kale.

Amayi, ndiyamba ndi funso lachiwirilo, chifukwa ndi limene landikhudza. Chimene munagula ndi nsalu, penti ndi felemu. Mukhoza kuchipachika pabalaza, kuchipereka kwa apongozi, ngakhale kuchigulitsanso. Koma ufulu wochichulukitsa, kuti chituluke makope 500 pa chikuto cha buku, unatsala m'manja mwa wojambulayo. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989, limateteza chojambula moyo wonse wa mwini wake ndi zaka zina 50 atamwalira. Sipafunika kuti akhale analembetsa kwina kulikonse. Burashi ikangouma, chitetezo chayamba. Ndipo popeza Malawi analowa m'pangano la Berne, la maiko loteteza umwini wa zaluso, mu 1991, chojambula cha munthu wa ku Lusaka kapena ku Johannesburg chimene mwachiona pa Facebook chili pa lamulo lomwelo.

Chimene chimandinyansa n'chakuti ife alembi ndife oyamba kulira. Munthu akagula buku lanu limodzi n'kukalichulukitsa pa makina a fotokope kuti agulitse kwa ana asukulu, mudzati ndi mbava, ndipo mudzathamangira ku COSOMA, bungwe limene lakhala likuyang'anira nkhani zoterezi kuyambira 1992. Mlembi yemweyo akafika pa chikuto amati "ndi chithunzi chabe." Tsegulani mabuku odzisindikizira amene akukhazikitsidwa m'maholo a mu Blantyre muno. Mupeza dzina la abusa amene anapempherera, la amalume amene anathandiza ndi ndalama, la amene anatayipa. Dzina la wojambula mulibe. Nthawi zina ngakhale siginecha yake yapakona yafufutidwa pa kompyuta kuti pakhale mtengo wa buku. Kumeneko si kuiwala ayi, ndi kuba, ndipo lamulo lomwelo limapatsa wojambula ufulu wotchulidwa dzina ndi wokana kuti ntchito yake isinthidwe mwa njira yomunyozetsa.

Vuto lanu lenileni ndi kumupeza munthuyo. Ogulitsa m'mbali mwa msewu nthawi zambiri si ojambula. Amapikula kwa anyamata a ku Ndirande, ku Bangwe kapena kunyanja, ndipo wogulitsa sangakupatseni chilolezo cha chinthu chimene si chake, ngakhale atalemba kalata n'kudinda chala. Werengani siginecha, bwererani pamene munagulapo, pemphani nambala. Zikakanika, funsani kwa anthu amene amakhala ndi ojambula tsiku ndi tsiku, monga ku La Caverna ku Mandala House kapena ku Jacaranda Cultural Centre. Mukalepheratu kumupeza, chisiyeni chojambulacho pakhoma, musachiike pa buku.

Ndinenenso china, ngakhale simunafunse. Ngati chojambulacho ndi chija cha mlambe dzuwa likulowa, kapena mayi wosenza mtsuko mwana kumbuyo, kapena asodzi m'bwato, ganizani kawiri. Zimenezo zimajambulidwa mobwerezabwereza chifukwa alendo amazigula, ndipo buku lanu likaikidwa pashelefu lidzafanana ndi kalendala ya kampani ya inshuwalansi. Chojambula chokongola pakhoma sichikhala chikuto chabwino nthawi zonse. Chikuto chimafuna malo opumira: kuthambo, khoma, madzi, pena pake pamene mutu wa buku ndi dzina lanu zingakhale osaphimba nkhope ya munthu. Chimafunanso kuti chioneke chikachepetsedwa pa foni, chifukwa anthu ambiri adzaliona bukulo koyamba pa status ya WhatsApp. N'chifukwa chake ine ndimalimbikira kuti mlembi apatse wojambula ndakatulo zisanu aziwerenge, amuuze kukula kwa buku, ndipo ajambule chatsopano chosiya gawo limodzi mwa atatu lakumwamba lopanda zambiri. Ojambula alipo, ena anaphunzira zaluso ku Chancellor ku Zomba, ena anaphunzira pa ntchito. Kuwalambalala n'kukatola zithunzi zopangidwa ndi kompyuta, za anthu a zala zisanu ndi chimodzi ovala nsalu za ku West Africa pa buku lonena za ku Chiradzulu, ndi ulesi.

Pepala la mgwirizano lisakhale lalitali. Tsamba limodzi likwana, bola mulembe: dzina la chojambula, dzina la buku, makope angati, ngati chilolezo chikuphatikiza buku la pa intaneti, maposita ndi zotsatsa, ngati mukuloledwa kudula m'mbali kapena kulemba mawu pamwamba pake, mmene dzina lake lilembedwere, ndi makope aulere amene adzalandire. Lembaninso ngati angapereke chojambula chomwecho kwa mlembi wina. Mukapanda kutero, musadzadabwe kuchiona pa buku la nyimbo za kwaya. Za malipiro, gwirizanani ndalama ya kusindikiza koyamba, ndipo ya kusindikiza kwachiwiri mudzakambirane nthawi yake ikadzafika. Amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu November 2023 akudziwa chifukwa chake wojambula sayenera kumangidwa pa mtengo wa lero. Ngakhale chojambula chimene mwachita kumutuma, lembani kuti ufulu uli ndi ndani. Nonse musaine, aliyense atenge kope lake.

Chifukwa chake chinatuluka chakuda

WhatsApp ndiyo yoyamba kukupwetekani. Chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse imachifinya kuti chisadye bandulo. Buku la A5 ndi mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali. Osindikiza amafuna bleed, ndiko kuti chithunzi chipitirire ndi mamilimita 3 mbali zonse, kuti mpeni ukaphonya pang'ono pasaoneke mzere woyera. Ndiye kutsogolo kwa chikuto kukhala pafupifupi mamilimita 154 ndi 216. Pa 300 dpi, ndiko kuti timadontho 300 pa inchi iliyonse, zimenezo ndi ma pixel (timadontho topanga chithunzi) pafupifupi 1820 ndi 2550. Foni ya 12 megapixel imatulutsa 4000 ndi 3000, zimene n'zokwana, koma pokhapokha fayiloyo ifike mmene inalili. Tumizani ngati document, pa imelo kapena pa flash disk. Kukweza nambala ya dpi pa kompyuta chithunzi chitafinyidwa kale sikubweza kanthu, kumangokulitsa mbuu yemweyo.

Chachiwiri ndi katoledwe. Tulutsani chojambulacho mu galasi ngati chili m'galasi. Chiimikeni chilili pakhoma, panja pamthunzi kapena tsiku la mitambo, osati padzuwa, ndipo flash ya kamera ikhale yozimitsa, chifukwa penti ya oyilo ndi vanishi zimanyezimira n'kusiya zigamba zoyera. Ngati muli m'nyumba, ikani nyale ziwiri zofanana, ina kumanja ina kumanzere, iliyonse yopendekera madigiri 45. Musasakanize kuwala kwa babu ndi kwa pawindo: mbali ina idzafiira, ina idzabiriwira. Foni ikhale pa chinthu chosagwedezeka, moyang'anizana ndi pakati peni peni pa chojambula. Imani patali pang'ono m'malo moyandikira kwambiri, poti pafupi m'mbali mumapindika. Ikani pepala loyera pambali kuti wokonza chikuto adzadziwe choyera chenicheni.

Zojambula za papepala zili ndi njira yake. Za pensulo ziikeni pa sikana pa 600 dpi, chifukwa mizere yopepuka imasowa msanga. Za inki yakuda yokhayokha zimafuna 1200 dpi kuti m'mphepete mwa mizere musakhale manomano. Za makala musazigoneke pa galasi la sikana zisanawazidwe mankhwala oti makalawo asachoke, apo ayi mudetsa galasi ndi kuwononga ntchito ya eni ake. Zitoleni ndi kamera.

Chachitatu ndi mitundu. Foni imaonetsa mitundu ndi kuwala, mwa RGB. Makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, CMYK, pa pepala limene siliwala lokha. Buluu wowala amazilala n'kupendekera ku pepo, wobiriwira wowala amafooka, ndipo malo amdima amagwirana n'kukhala chikuda chimodzi. Nkhope za anthu akuda ndi zimene zimavutika kwambiri pamenepa. Wokonza chikuto asinthe fayilo kupita ku CMYK iye mwini, awalitse malo amdimawo pang'ono, ndipo inki zonse pamodzi zisapitirire 300 peresenti pamalo amodzi (inki iliyonse payokha imafika 100), chifukwa zikapitirira siziuma msanga ndipo zimadetsa pepala lotsatira. Lamineshoni, kapulasitiki kopyapyala kokutira chikuto, nayo imasintha zinthu. Yonyezimira imakuza mitundu. Yosanyezimira imaoneka yaulemu koma imazimitsa mitundu ndipo pa chikuto chakuda imaonetsa zala ndi zokanda. Choncho pepala loyesera lipempheni pa khadi lenileni, la 250 kapena 300 gsm (muyezo wa kulemera kwa pepala), lamineshoni itaikidwa kale, ndipo muliyang'ane panja mutaliika pafupi ndi chojambula chenichenicho. Wojambulayo alionenso musanavomereze.

Msana wa buku musauyerekeze. Pepala la 80 gsm limakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Masamba 200 ndi mapepala 100, ndiye msana ndi mamilimita 10 kapena kupitirira pang'ono. Funsani osindikiza muyezo wa pepala lawo. Ngati chojambula chizungulire mpaka kumbuyo, mukufuna mamilimita 148 a kutsogolo, 148 a kumbuyo, 10 a msana ndi 6 a bleed, onse 312, kapena ma pixel pafupifupi 3700 m'lifupi. Buku la ndakatulo la masamba 60 lili ndi msana wa mamilimita 3 okha, ndipo pamenepo musalembepo mawu. Mawu onse ndi siginecha ya wojambula zikhale mamilimita 5 mkati kuchokera pamene mpeni udzadule. Kumbuyo siyani bokosi loyera la barcode ya ISBN (nambala yozindikiritsa buku), la mamilimita pafupifupi 40 ndi 30, mizere yake ya inki yakuda yokha, osati yosakaniza inayi, kuti makina a m'sitolo aiwerenge.

Perekani kwa osindikiza PDF imodzi ya chikuto chonse, kumbuyo, msana ndi kutsogolo, osati fayilo ya Word. Ndipo mzere wakuti "Chojambula cha pachikuto" ndi dzina la mwini wake uikeni pawiri: kumbuyo pafupi ndi barcode, ndi pa tsamba lija lamkati pamene pali dzina lanu ndi chaka chosindikizira.