Mwera wa pa Nkhotakota ndi boti lobwereka

Achimwene, ulendo mukuufunsawu, wochoka ku Monkey Bay pa boti la thanga mpaka ku Likoma m'mwezi wa July mukudalira mapu a pafoni, ndi womwewo umene unatsala pang'ono kutimiza ife, choncho werengani izi musanalipire munthu aliyense ndalama ya boti. Pa Nyanja ya Malawi palibe madoko a maboti ang'onoang'ono ngati a ku Durban, kumene munthu amamangirira boti n'kupeza madzi, magetsi ndi mafuta pamalo amodzi. Madoko a Monkey Bay, Chipoka, Nkhata Bay ndi Chilumba anamangidwira sitima zikuluzikulu monga Ilala, ndipo kwina konseko moyo wanu udzakhala pa nangula ndi unyolo wake.

Ife tinabwereka boti kwa mkulu wina amene dzina lake sinditchula, ndipo iyeyo anatitsimikizira kuti unyolo wa nangula ndi wautali mokwanira ndiponso kuti injini yangokonzedwa kumene. Ku Cape Maclear tinagona bwino kuseri kwa chilumba cha Thumbi, ku zilumba za Maleri chimodzimodzi, moti panalibe chotikayikitsa. Mavuto anayamba titadutsa Senga Bay. Gombe lonse lakumadzulo lija ndi lopanda pobisala mwera ukamawomba, chifukwa mphepoyo imachokera kum'mwera chakum'mawa ndipo imakankhira mafunde onse kumtunda. Tinafika pafupi ndi Nkhotakota dzuwa litalowa kale, ndipo sitinayerekeze kulowa kuseri kwa Sungu, mchenga wautali umene unalowerera m'nyanja pamenepo, mumdima, popeza madzi a pamenepo ndi osaya, mchenga umasuntha, ndipo mapu a pafoni ankaonetsa madzi akuya pamalo pamene chingwe chathu choyezera chinkagunda pansi. Tinaponya nangula kunja, tikuganiza kuti tilowa kukacha.

Pakati pa usiku mwera unabuka. Boti linayamba kudumpha mwamphamvu moti mbale zonse zinagwa, ndipo nditayang'ana nyali za kumtunda ndinaona kuti zikusendera pafupi, kusonyeza kuti nangula akukhwekhwereka pamchenga. Mnzanga anakwawira kutsogolo kuti awonjezere unyolo, ndipo apa m'pamene tinaona chinyengo cha mkulu uja. Unyolo unali kachidutswa chabe, ndipo kumapeto kwake analumikizako chingwe chakale chofumbwa chimene chinali chitayamba kale kuthetheka pamene chinkakhudza chitsulo cha kutsogolo. Tinaliza injini, inalira pang'ono n'kuzima, chifukwa pulopela inali itakulunga ukonde wa asodzi umene sitinauone. Mlamu wanga, amene sadziwa kusambira, anali atagwira mlongoti ndi manja onse awiri akusanza, madzi akulowa pakhomo la chipinda, tochi ili pakamwa panga pamene ndinkayesa kukweza thanga laling'ono lakutsogolo kuti boti litembenuke lisanagunde mchenga. Mafunde akusweka kumtunda tinkawamva bwinobwino, ndipo phokoso limenelo sindifuna kudzalimvanso ndili m'boti. Amene anatipulumutsa ndi asodzi a usipa amene ankathawa mwera womwewo ndi boti lawo la injini. Anationa ndi nyali zawo, anatiponyera chingwe, n'kutikokera kuseri kwa mchenga uja podutsa njira imene iwo amaidziwa pamtima, ngakhale kuti ukonde umene tinawononga uyenera kuti unali wa anzawo.

Mkulu wa boti uja titamuimbira m'mawa, sanafunse n'komwe ngati tonse tili moyo. Funso lake loyamba linali la pulopela, kenaka anatiuza kuti ndalama yathu yachikole sabweza chifukwa tamuwonongera katundu. Munthu wobwereketsa boti m'nyengo ya mwera ndi chingwe chowola, akudziwa bwino lomwe kuti nyanja imeneyi inamiza sitima ya Vipya mu July 1946 ndi anthu 145, ndi woti sayenera kuyandikira bizinesi imeneyi. Majekete opulumutsira anthu amene anatipatsa anali osakwanira tonse, ndipo limodzi linali lopanda malamba. Mpaka lero ndikamuona akutsatsa maulendo pa Facebook ndi zithunzi za nyanja ili bata, mtima wanga umawawa.

Tsono malangizo anga ndi awa. Musanasaine chilichonse, uzani mwini boti atulutse unyolo wonse auyale pamchenga, muuyeze nokha ndi mapazi. Usiku wa mphepo mumafunika kuponya unyolo wotalika kasanu kapena kupitirira poyerekeza ndi kuya kwa madzi, ndipo nangula wachiwiri asasowe. Mapu a pafoni akuthandizeni kudziwa mtunda wokha; za kuya kwa madzi musawakhulupirire, chifukwa nyanja imakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, ndipo mwaona nokha mmene inadzadzira mu 2024 mpaka kulowa m'malo ogona alendo. Muzimvera machenjezo a nthambi yoona zanyengo tsiku lililonse, ndipo muzifika pogona dzuwa likadali m'mwamba.

Komabe musasinthe mwezi chifukwa cha nkhani yangayi. Wopita kumpoto amafuna mwera womwewo kumbuyo kwake, ndipo mukadikira nyengo yotentha mudzakhalira kuliza injini kapena kulimbana ndi mphepo ya mpoto mvula ikayandikira. Pa Nkhotakota paja muimepo ndithu, chifukwa kuchoka pamenepo mpaka ku Likoma ndi nyanja yokhayokha ndipo mudzafunika mafuta ndi chakudya. Asodzi muziwafunsa za njira ndi za miyala, koma za mphepo musawamvere kwambiri, popeza ena a iwo madzulo a tsiku lomwelo anatiuza kuti usiku ukhala wabata. Pasipoti musaiwale, chifukwa Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo mphepo ikakukankhirani ku Cobue kapena ku Metangula, akuluakulu a kumeneko adzafuna mapepala anu ndi a boti lomwe.